Mwana Wanga Pasinki

Foni ya kusukulu inandipeza ndikusita malaya a abwana. Adona ndi amene anayankha, kenako anabwera kuchipinda chochapira nkhope ili ngati kwagwa maliro. Akuti a hedi akufuna kundiona pa nkhani ya Lettie.

"Wavulala?"

"Ayi, Vailet. Akungofuna kucheza nawe."

Ndagwira m'nyumba za azungu zaka zambiri. Akati akufuna kucheza nawe, ndiye kuti iwo akambirana kale, iwe ukukangomva.

Chinali chaka cha 2003, tili kudziko la eni, Lettie ali giredi 4 pasukulu ina ku Centurion, kumene kale kunkaphunzira ana a azungu okhaokha. Malo anamupezera ndi adona, poti mnyamata wawo ankaphunzira komweko, koma fizi inkachokera pamsana wanga. Tinkakhala ku Olievenhoutbosch, kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni. M'mawa tinkakwera tekisi imodzi, iye n'kutsika pasukulu, ine n'kupitirira. Akaweruka ankabwera kuntchito kwanga n'kukhala pasitepe ya kukhitchini, kulemba homuweki mpaka ndiweruke. Bambo ake, a Rabson, ankawotcherera zitsulo ku Rosslyn ndipo ankabwera Loweruka lokha, poti ndi kutali.

Mwana ndinamulera bwino, ndipo pamenepo sindipepesa munthu. Chinthu cha eni sakhudza. Akapatsidwa amalandira ndi manja awiri. Wamkulu akamufunsa kuti ukufuna tiyi kapena juwisi, amayankha kuti chilichonse. Akaona mbale yakuda sadikira kutumidwa. M'nyumba ya adona munali tizidole tagalasi paliponse, koma sanaswepo kamodzi komwe, chifukwa sanakhudzepo.

A hedi anali bambo wamkulu thupi, waulemu, wa mtundu uja amakukokera mpando asanakuuze zoipa. Anati masamu Lettie amakhoza, kuwerenganso amakhoza. Koma masiku ano sukulu zikufuna mwana wodziganizira yekha, ndipo Lettie salankhula pokhapokha afunsidwe. Chachikulu chinali m'kalasi ya zaluso. Chiyambire chaka sanapange kanthu, ngakhale mzere umodzi papepala. Ndiye aphunzitsi aganiza kuti chaka chamawa asapite giredi 5 ndi anzake, alowe kalasi yaing'ono, ya ana amene mitu yawo imagwira mochedwa.

Kalasi imeneyo ndinkaidziwa. Inali kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mabini, ndipo amene walowamo sindinamvepo kuti wabwereranso kwa anzake. Ankawaphunzitsa kusoka mabatani ndi kuyala bedi. Kuyala bedi ndikanamuphunzitsa ndekha, osakwera tekisi.

"Mwati zaluso?" ndinafunsa, kuti mwina Chizungu chandisokoneza.

"Zaluso, Mayi Kachingwe."

Ife kwathu ku Ntcheu zaluso sizinkavuta. Aphunzitsi ankati Lachisanu mtsikana aliyense abwere ndi tsache, anyamata mpini wa khasu. Tsache likakhala lolimba, wakhoza. Matsachewo ankathera kunyumba za aphunzitsi, zoona, koma aliyense ankadziwa chimene akufuna kwa iye. Palibe anaponyedwa kumabini chifukwa cha tsache.

Ndinati ndikufuna ndione kalasiyo ndi maso anga. A hedi anayang'ana wotchi n'kunena kuti mwayi wake giredi 4 ili momwemo.

Phokoso ndinalimva tisanafike pakhomo. Munalibe madesiki oyang'ana kutsogolo, munali ngati renki ya matekisi m'tauni kumapeto kwa mwezi. Ngodya iyi dongo, ngodya iyo penti, uko nsalu ndi ulusi, kwinako mulu wa makatoni, mabokosi a mazira, zitsekerero za mabotolo, zinthu zimene ine ndimatulutsa kumsewu kuti lole ya zinyalala itenge. Ana ankangoyendayenda, kutenga ichi, kusiya icho, osapempha munthu. Mnyamata wina ankamata makatoni, chinthu chachitali kuposa iye mwini. Mtsikana wina ankapaka pepala penti wobiriwira, wobiriwira yekhayekha mpaka m'mphepete, n'kutenga pepala lina kuyambiranso.

Lettie ndinamuona pomalizira chifukwa anali atatifulatira. Anali pasinki, manja a juzi atapinda, akutsuka maburashi. Ankatenga imodzi, kuifinya ndi zala ziwiri, kuitsukuluza, kuigoneka pansanza, aatali paokha aafupi paokha. Kamtsikana kena ka tsitsi lachikasu kanadutsa n'kuponya burashi m'madzimo osamuyang'ana n'komwe. Madzi akuda anamudonthera pamalaya. Iye anangopukuta ndi chigongono n'kupitiriza.

Kaponyedwe kameneko ndimakadziwa. Ndi mmene supuni imagwera musinki ine nditaima pomwepo.

Mphunzitsi wake, a Misi Anderson, anali kamtsikana ndithu, penti mpaka m'zigongono, ndolo zazikulu ngati zitsekerero za mabotolo zomwezo. Anabwera akumwetulira, dzanja lili patsogolo. Tinalankhula Chizungu, ine changa cha kukhitchini, koma tinamvana.

"Mwana wanga akutani apo?"

"Akutsuka. Amakonda kwambiri pamenepo."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira temu yoyamba."

Anayamba kundifotokozera, pang'onopang'ono, ngati ndine wa kalasi yaing'onoyo. Akuti m'kalasi mwawo mwana ndiye mmisiri. Iwo amangoonetsa kanthu kamodzi poyamba, kaya kasakanizidwe ka penti, kaya kamangidwe ka mfundo, kenako aliyense amapita kumene mtima wake wafuna n'kupanga chimene waganiza. Akuti atanena kuti nonse jambulani mtengo, mitengoyo ikhala yawo aphunzitsiwo, osati ya ana.

"Nanga inuyo ntchito yanu ndi chiyani?"

Anaseka, osakwiya. "Kuyang'ana, kufunsa, kuthandiza amene wakanirira."

"Uyu munamuyang'ana?"

"Nthawi zonse ndimamufunsa kuti Lettie, lero ukufuna kupanga chiyani? Amati chilichonse, Misi."

"Ndiye osamupatsa chilichonsecho bwanji?"

"Ndikamupatsa ndiye kuti ndamusankhira."

"Sinkiyo anamusankhira ndani?"

"Yekha. Ana ena amayamba choncho, Mayi Kachingwe. Amayamba ndi madzi, kuona mitundu ikusungunuka. Ndinkati mwina akuphunzira mitundu."

"Akuyang'ana ngati sinki yayera."

Anafiira makutu. Anavomera kuti lamulo ndi loti aliyense azitsuka burashi yake, ndipo analekerera. Ndinawauza kuti mwana wa kwathu satenga, amapatsidwa. Mungamuike pakati pa zinthu zodzaza chipinda, ngati palibe wamuika m'manja, afa ndi njala ali chikhalire.

"Koma zonse zili muno ndi zawo," anatero. "Ndinawauza tsiku loyamba."

"Adona nawonso amati Vailet khala womasuka, pano ndi kwanu. Ndiyese kutsegula firiji."

A hedi anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Koma kamtsikanako sikanagwedezeke. Kanati, "Ndikamuika pepala m'manja n'kunena kuti jambula nyumba, ajambula nyumba yokongola kuposa onse muno, ndikudziwa. Akamaliza akhala pansi kudikira kuti ndimuuzenso. Zimenezo sindichita."

Ndinayang'ana a hedi kuti mwina adzudzula wantchito wawo amene akukana ntchito pamaso pa kholo. Iwo anangoti kumapeto kwa temu kudzakhala chionetsero, makolo adzabwera kudzaona zimene ana apanga. Lettie akadzakhala ndi chinthu chimene wayamba yekha n'kumaliza yekha, za kalasi yaing'ono adzazisiya. Akadzakhala alibe, basi. Ine ndinati pakadali pano mwana wanga asaimenso pasinki, ndipo ndinanena mokweza kuti ka tsitsi lachikasu kaja kamve.

M'tekisi madzulo, titakhota msewu wa ku Olievenhoutbosch, Lettie anandifunsa.

"Ndalakwa, amayi?"

"Sunalakwe."

"Nanga a Misi mwawakalipira chifukwa chiyani?"

"Sindinakalipe. Ndimafunsa."

Sabata yotsatira ndinamufunsa kuti kuzaluso wachita chiyani. Anati anakhala pampando. Manja? Pamiyendo. Mpaka belu? Mpaka belu. Ndinali nditamuchotsa pasinki n'kumusiya opanda kalikonse, ndipo a Misi Anderson anangodutsa, kumufunsa funso lawo lomwe lija, kulandira yankho lomwe lija, n'kupita kukayamikira wa penti wobiriwira.

Loweruka a Rabson atafika ndinawafotokozera asanavule nsapato. Anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Ndiye mphunzitsiyo amalandira malipiro poonerera? Amake Lettie, ntchito imeneyo mundifunsire. Ine kuonerera ndimatha."

"Mukuseka, mwana akupita kumabini."

"Eish, sapita. Akufuna chinthu, si choncho? Tiwapatsa chinthu."

Anatuluka n'kubwera ndi waya, pulayala ili kale m'thumba. Pofika madzulo panali galimoto ya waya, tekisi yeniyeni, zitseko zotseguka, matayala a zitini, chiwongolero chachitali choyendetsera munthu ataima. Ana a pabwalo onse anasonkhana. Ine mumtima ndinkadziwa kuti si njira yake, koma ndinali nditatopa, ndipo sukulu imene imalola mwana kutsukira anzake chaka chonse sindinaone chifukwa choichitira chilungamo.

Lettie anainyamula Lachitatu, tsiku la zaluso, ataikulunga m'pepala la pulasitiki. Madzulo anabwera nayo pasitepe ya kukhitchini, chikulungire.

"Aikana?"

"Anati ndi yokongola. Ndiye anati ndiuze anzanga mmene ndinapangira."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati anapanga ndi abambo."

Kunama sindinamuphunzitse, ndiye ndikanamukalipira chiyani? Akuti a Misi anati ukawauze abambo ako kuti ndi mmisiri weniweni, koma chako chipangidwe m'kalasi muno. A Rabson atamva anayenda Loweruka lonse chifuwa chili patsogolo, kuuza aliyense pabwalo kuti mzungu wa ku Centurion wawatcha mmisiri. Amene anakhoza zaluso m'banja mwathu anali iwo.

Temu inkapita. Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinakhala pakhomo kumuluka Lettie tsitsi, iye atakhala pansi pakati pa miyendo yanga. Wailesi ya eni nyumba inkalira nyimbo za Chisepedi, chiyankhulo chawo, dzuwa lili phwee, ine zala zikupweteka ndi sopo wa sabata yonse.

"Lettie, ndikukulamula. Lachitatu ukasankhe."

"Ndikasankhe chiyani, amayi?"

"Ndikakuuza ine ndiye wasankha ndani?"

Nditangotero ndinamva kuti ndalankhula ngati a Misi Anderson, ndipo ndinakoka tsitsi kuposa mmene ndinafunira. Sanalire. Anangopendeketsa mutu.

"Palibe chimene umafuna kupanga? Ngakhale chimodzi?"

Kenako anati, "Chilipo."

"Nanga?"

"Zinthu zake ndi za eni. Munati za eni sitikhudza."

"A Misi akuti ndi zanu."

"Amangonena. Wina akamaliza penti wofiira amadandaula."

"Ndiye tenga zako, upite nazo."

"Zanga ndi ziti?"

Ndinayang'ana m'chipindamo kudzera pakhomo. Bedi, matiresi ogonera iye oimikidwa kukhoma, pulayimasi, ndowa ziwiri, sutikesi pamwamba pa kabati. Zake zinali yunifomu ya sukulu, nsapato ndi bulangete. Mutu unkandiwawa, mzere wa tsitsi unali utakhota, ndipo nyemba zinali zikupserera.

"Tamvera. Chilichonse chili m'nyumba muno ndi chako. Tenga chimene ukufuna, ndipo usandifunse. Ukandifunsa ndikumenya. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Choyamba kusowa chinali sefa. Ndinaifuna m'mawa wina, kuyang'ana pamsomali pake palibe. Ndinatembenuka kuti ndifunse, ndinapeza Lettie akumanga zingwe za nsapato mosamala kwambiri, maso ali pansi. Ndinameza mawu. Ufa ndinasefa ndi zala.

Kenako masokosi a a Rabson, aja okhuthala ovala ndi majombo, mapeyala onse awiri amene anasiya kuti ndichape. Kenako waya wa katani imene inkatchinga bedi lathu ndi pogona mwana. A Rabson anafika Loweruka n'kupeza katani itapindidwa bwinobwino pampando.

"Amake Lettie, tayamba kugona ngati padepoti?"

"Funsani mmisiri mnzanu."

"Masokosi anganso?"

"Musamufunse. Ndinalamula ndine."

Anamanga katani ndi chingwe cha nayiloni, akung'ung'udza kuti kwawo ku Balaka mwana wotere amamutcha dzina lina, osati mmisiri. Lolemba anapita ku Rosslyn atavala masokosi a kutchalitchi m'majombo.

Mwanayo anasintha kayendedwe. Lachitatu ankadzuka ndisanamudzutse. Pasitepe ya kukhitchini ankafika zala zili gwaa ndi guluu, n'kumazisenda ngati mbatata, osanena kanthu. Ndikamufunsa ankati sichinathe. A Misi anamulola kuti azitsalira nthawi yopuma. Ine ndinkangoti bola, chilichonse chimene chikumatidwa kumeneko chikhale chachikulu moti a hedi achione.

Adona anandipatsa mayunifomu awiri, ya buluu ndi ya pinki ya timabokosi, ya matumba a mphonje yoyera. Ya pinkiyo ndinabwera nayo kunyumba kuti ndisoke pamene panang'ambika kukhwapa. Ndinaipachika kuseri kwa chitseko. Tsiku limene ndinapeza mpata wosoka, pamsomali panali hang'ala yokha.

Apa sindinathe kumeza.

"Lettie, yunifomu yanga ya pinki."

"Munati ndisakufunseni."

"Ndinatero. Ibwera?"

Anaganiza kaye, poti ndi mwana wosanama. "Kolala yatsala. Ndi dzanja limodzi."

Ndinakhala pabedi. "Ija ndi ya adona, iwe. Si yanga."

"Inali m'nyumba muno, amayi."

Dzanja linandiyabwa, koma ndikanamumenya pa chiyani? Mawu anali anga. Mkwiyo wonse ndinautumiza kumene unayenera kupita, kwa kamtsikana ka ndolo zazikulu kamene kanaona mwana wa giredi 4 akutulutsa m'chikwama yunifomu yathunthu ya munthu, kumuona akutenga sizasi, osafunsa kuti kodi amayi ako akudziwa. Pa sinki sikanafunse, pa sizasi sikanafunse. Kenako azitiuza kuti ntchito yake ndi kufunsa.

Masabata otsalawo ndinagwira ndi ya buluu yokha. Ndinkaichapa ndikaweruka, m'mawa n'kuiumitsa ndi simbi. Adona anafunsapo kamodzi za ya pinki, ndinati ikusokedwa. Kunena zoona inali kusokedwa.

Chionetsero chinali Loweruka m'mawa, muholo ya sukulu. Ndinavala za kutchalitchi, a Rabson jekete. Makolo anali mbwee ndi makamera, kuwerama pa zinthu zoti mutazipeza pakhomo panu mukhoza kuitana wa zinyalala. Mapepala obiriwira aja anali khoma lonse, mayi wa mtsikana wopaka uja akupukuta misozi patsogolo pake. Chinthu cha makatoni chija akuti inali roketi.

Lettie anatigwira manja n'kutikokera pakona. Sanandikokepo chibadwire.

Patebulo panaima chinyama cha pinki, kutalika kufika m'chiuno mwa mwana. Miyendo inayi inali masokosi a a Rabson, atawapakira manyuzipepala, umodzi waufupi moti chinkaima mopendekeka. Khosi lalitali lokhota linali waya wa katani atakulunga nsalu. Pamsana panali linunda lalikulu, ndipo pamene nsalu sinafike ndinaona mawaya a sefa yanga. Maso anali mabatani a yunifomu. M'nthiti munali thumba, mphonje yake yoyera ili pomwepo. Ulusi unali lendelende paliponse, kasokedwe koti ine ndikanamuuza kuti aphwasule ayambirenso.

"Masokosi anga afika patali kuposa mwini wake," a Rabson anatero. "Ndi ng'ombe, mwanawe?"

"Ndi ngamila."

"Ngamila unaiona kuti?" ndinafunsa.

"Tsiku lija tinapita ndi sukulu kukaona nyama m'tauni."

"Nyama zonse zija, iwe n'kusankha imeneyi?"

"Ana onse ankaikuwiza, iyo inkangotafuna osawayang'ana." Anaikonza khutu limodzi. "Ndimangoifuna."

A Misi Anderson anafika akuwala nkhope, a hedi ali pambuyo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, za ulemu zimene anaphunzira mochedwa. Akuti miyendo inagwa kambirimbiri, Lettie osapempha thandizo, mpaka anatulukira yekha zoika timitengo mkati. Akuti tsiku lina mnyamata wa roketi anafuna kumulanda guluu, Lettie anamuuza kuti dikira, sindinamalize, n'kubisa botolo kukhwapa. Ankanena zimenezi monyadira, ngati mwana wapambana mpikisano wa Baibulo.

"Mwana wodziwa chimene akufuna," a hedi anatero, akugwedeza mutu. "Za kalasi yaing'ono tiiwale, Mayi Kachingwe. Chaka chamawa giredi 5."

Ndinathokoza, poti ndinaleredwa. Koma mkati ndinkawira. Mwana yemweyo, mutu womwewo. Pamene ankalemekeza akulu, kusamala za eni ndi kutsukira anzake, anali wochedwa mutu. Wadula chovala cha eni ake, wamana mnzake guluu, wasiya bambo ake opanda masokosi, lero ndiye wanzeru. Ndipo palibe mmodzi mwa awiriwo anati pepani chifukwa cha miyezi yonse ija ya pasinki.

"Muyenera kuti mukunyadira," a Misi anatero.

"Sefa ndidzaitenga liti?"

Anaseka, kuyesa nthabwala. Lettie sanaseke. Anaika dzanja palinunda n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chinanso chimene sindinamuphunzitse.

Nthawi yomweyo ndinamva fungo la perefyumu imene ndimaipukuta botolo lake tsiku lililonse. Adona anali atabwera kudzaona za mnyamata wawo, ndipo anatiwona. Anapereka moni kwa a Rabson, kumusisita Lettie pamutu, n'kuwerama kuti aone bwino, magalasi ali pamphuno. Anayang'ana miyendo, anayang'ana khosi. Atafika pathumba la mphonje yoyera anaima. Anaigwira mphonjeyo ndi zala ziwiri, kuitembenuza, kenako anadzuka pang'onopang'ono.

"Vailet, kodi iyi si..."

A Rabson anayamba kuwerenga chikwangwani cha pakhoma ngati muli nkhani yofunika. Lettie sanachotse dzanja palinunda.

"Ndi ngamila, adona," ndinatero.